Mafunso ndi mayankho: Pulofesa Megan Vaughan ndi mbiri ya zipatala za atsamunda ndi mankhwala achikuda

Aliyense wofuna kudziwa mmene chipatala chachizungu chinalowera m'dziko muno, komanso mmene chinakhalira ndi asing'anga omwe chinawapeza akuchiza kale anthu, sachedwa kukumana ndi dzina la Pulofesa Megan Vaughan. Mafunso ali m'munsiwa ndi okhudza ntchito yawo, zimene anapeza, ndiponso mbali zimene ntchitoyo sinafikepo.

Kodi a Megan Vaughan ndi ndani, ndipo akukhudzana bwanji ndi Malawi?

Iwowa ndi katswiri wa mbiri yakale wa ku Britain, ndipo ntchito yawo ya ukachenjede inayambira kuno. Anaphunzitsapo mbiri yakale ku Chancellor College ku Zomba, ndipo kafukufuku yemwe anawapezetsa digiri ya udokotala wa zamaphunziro ku sukulu ya SOAS ku London anali wokhudza mmene moyo ndi chuma cha anthu a m'midzi ya kumwera kwa Malawi zinasinthira kufikira chaka cha 1915. Atachoka kuno anaphunzitsa ku Oxford, kenako ku Cambridge, komwe anakhala pa mpando wa upulofesa wa mbiri ya mayiko a Commonwealth, ndipo pambuyo pake anakakhala pulofesa wa mbiri ndi zaumoyo za mu Africa ku University College London.

Buku lawo lotchedwa The Story of an African Famine, lomwe linatuluka mu 1987, ndi lofotokoza njala ya 1949 ku Nyasaland. Mu 1991 anatulutsa Curing Their Ills, buku lomwe linawatchukitsa pa nkhani ya zachipatala m'nthawi ya atsamunda. Mu 1994 iwo ndi a Henrietta Moore analemba Cutting Down Trees, lonena za ulimi wa chitemene (wodula ndi kuwotcha nthambi za mitengo kuti phulusa likhale chonde), zakudya ndi ntchito za amayi kumpoto kwa Zambia, ndipo mu 2005 analemba za ukapolo pa chilumba cha Mauritius.

Munthu yemwe si dokotala wa odwala amafufuza chiyani m'nkhani za chipatala?

Safufuza mphamvu ya mankhwala, koma amafunsa kuti chipatala chinamangidwira yani, ndalama zake zinkachokera kuti, nthenda zimene boma linkaziopa zinali ziti, ndipo madokotala ankaganiza zotani za anthu omwe ankawachiza. Mafunso oterewa amavumbula zinthu zimene lipoti la dokotala silinena poyera. Mwachitsanzo, boma la atsamunda litayamba kulemba ntchito madokotala m'zaka za m'ma 1890, udindo wawo woyamba unali wosamala azungu ogwira ntchito m'boma ndi asilikali, chifukwa malungo ankapha azungu ambiri. Munthu wamba wa kumudzi boma linkamukumbukira makamaka pakabuka mliri wa nthomba kapena nthenda ya kaodzera, kapena likafuna anthu amphamvu okagwira ntchito m'minda ya azungu ndi onyamula katundu wa nkhondo pa nthawi ya mtengatenga. N'chifukwa chake kwa zaka zambiri chithandizo cha tsiku ndi tsiku cha anthu akuda chinali m'manja mwa amishoni, a asing'anga ndi a azamba.

Nanga mfundo yaikulu ya buku la 1991 ndi yotani?

Mfundo yake ndi yakuti madokotala a atsamunda sankangochiza matenda, koma ankalembanso chithunzi cha munthu wakuda chomwe boma, amishoni ndi anthu a ku Ulaya ankachikhulupirira. A Vaughan anaona kuti m'malipoti a boma wodwala wakuda sankaoneka ngati munthu payekha, wokhala ndi mbiri yakeyake, koma ngati chitsanzo cha mtundu wake. Dokotala ankalemba kuti mtundu wakuti ndi wauve, mtundu wakuti ndi wofooka m'chifuwa, mtundu wakuti ndi wachiwerewere, ndipo akatero gwero la nthenda linkaoneka ngati lili m'miyambo ya anthu, osati mu umphawi, m'thangata, mu msonkho, kapena mu ulendo wa kumigodi umene unkachotsa amuna m'midzi n'kuwabweza ali ndi chifuwa chachikulu.

Chitsanzo chimene anachifukula mozama ndi cha chindoko ku Buganda, m'dziko la Uganda. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, dokotala wa asilikali Colonel Lambkin analengeza kuti chindoko chatsala pang'ono kutha mtundu wa Baganda, ndipo iye, amishoni ndi mafumu anakangana za chifukwa chake. Ena ankati Chikhristu chamasula akazi ku malamulo akale, ena ankati vuto ndi chikunja, koma onse anagwirizana poloza chala akazi. Pambuyo pake zinadziwika kuti gawo lina la zimene ankazitcha chindoko linali matenda ofanana nacho omwe safala pogonana. Komabe malamulo okakamiza anthu kukapimidwa anali atakhazikitsidwa kale, ndipo mbiri yoipa inali itamatidwa kale pa akazi. Wowerenga yemwe akukumbukira mmene anthu ankalankhulira za Edzi m'zaka za m'ma 1980 sangalephere kuona kufanana kwake, ndipo bukuli linalembedwa m'nyengo yomweyo.

Kodi ndiye kuti akunena kuti zipatala za atsamunda ndi za amishoni sizinathandize anthu?

Ayi, ndipo kuwamva motero n'kuwalakwira. Palibe angakane kuti Dr Robert Laws, yemwe anafika ku Cape Maclear mu 1875, anachita maopaleshoni ogwiritsa ntchito mankhwala ogonetsa munthu kuti asamve ululu, zomwe zinadabwitsa anthu, kapena kuti chipatala cha David Gordon Memorial ku Livingstonia, chipatala cha mishoni ya Blantyre, cha Nkhoma ndi cha Malamulo zinapulumutsa miyoyo. Anthu ankayenda mitunda italiitali kufuna kuchotsedwa ng'ala m'maso, kutsukidwa zilonda zosapola, ndiponso kubayidwa jakisoni yemwe ankaumitsa zilonda za pakhungu m'masiku ochepa.

Chimene a Vaughan akutsindika ndi chakuti chithandizocho chinali chochepa kwambiri poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, ndipo chinkabwera ndi zolinga zina. Kwa amishoni, chipatala chinali khomo lolowera mu mpingo, ndipo wodwala ankamva mapemphero asanalandire mankhwala. Chodabwitsa n'chakuti amishoniwo, chifukwa chofuna kutembenuza mtima wa munthu aliyense payekha, ankamuona wodwala ngati munthu kuposa mmene madokotala a boma ankachitira. A Vaughan akuonetsanso kuti boma la atsamunda linalibe mphamvu zochuluka monga mmene linkadzionetsera, popeza linalibe ndalama ndi antchito okwanira, ndipo anthu ankathawira kutchire akamva kuti obaya katemera afika, kapena ankasankha okha nthenda yopita nayo kuchipatala ndi yopita nayo kwa sing'anga.

N'chifukwa chiyani nkhani ya odwala misala ku Zomba imatchulidwa kwambiri pa ntchito yawo?

Chifukwa m'pamene maganizo a atsamunda okhudza munthu wakuda anaonekera mopanda chophimba. Malo osungira odwala misala ku Zomba anatsegulidwa mu 1910 ngati gawo la ndende, ndipo kwa zaka zambiri owayang'anira anali asilikali a ndende, osati anamwino. Ambiri mwa otsekeredwamo anali anthu omwe anapalamula milandu kapena omwe ankasowetsa mtendere m'matauni ndi m'minda ya azungu, pamene odwala ena onse ankasamalidwa ndi abale awo kumudzi, mothandizidwa ndi asing'anga. Chipatala chenicheni cha odwala matenda a ubongo chinadzatsegulidwa m'zaka za m'ma 1950.

Mu 1983 a Vaughan analemba nkhani yofotokoza za malowa, ndipo anaunika kafukufuku yemwe madokotala awiri, Shelley ndi Watson, anafalitsa mu 1936 atapima odwala a ku Zomba. Madokotalawo anachita chidwi poona kuti odwala ena, makamaka omwe anapitako kusukulu za mishoni, m'misala yawo ankadzitcha mafumu a ku England, eni magalimoto, kapena azungu enieni. Zoterezi zinalimbikitsa chikhulupiriro chomwe chinafala pakati pa madokotala a atsamunda, chakuti munthu wakuda amazungulira mutu akaphunzira kwambiri ndi kusiya miyambo ya mtundu wake. Dokotala J. C. Carothers, yemwe ankayang'anira chipatala cha Mathari ku Nairobi, anafalitsa maganizo otere mpaka m'buku lomwe bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linasindikiza mu 1953.

Kuopsa kwa chiphunzitsochi n'koonekeratu. Ngati sukulu imapengetsa munthu wakuda, ndiye kuti mphunzitsi kapena kalaliki wodandaula za tsankho safunika kumumvera, koma kumupima mutu. A Vaughan anawerenga mawu a odwalawo mwa njira ina. Munthu wokhala m'dziko lomwe chuma, ulemu ndi mphamvu zonse zili ndi khungu loyera, akadwala n'kuyamba kudzitcha mzungu, ndiye kuti nthenda yake yatenga chilankhulo cha dziko lomwe akukhalamo, ndipo mawu akewo ndi umboni wa mmene dzikolo linalili.

Nanga pa nkhani ya khate anapeza zotani?

Midzi ya odwala khate inkayendetsedwa makamaka ndi amishoni, monga ku Malamulo, ku Likwenu, ku Utale ndi ku Mua, ndi thandizo lochepa la boma komanso la bungwe la ku Britain lothandiza odwala khate lomwe linakhazikitsidwa mu 1924. Mankhwala a nthawiyo anali jakisoni wa mafuta a mtengo wa ku Asia, wopweteka kwambiri ndiponso wosadalirika, kufikira pamene mapiritsi a dapsone anayamba kupezeka nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha. A Vaughan anaonetsa kuti amishoni anabwera ndi chithunzi cha wakhate cha m'Baibulo, munthu wodetsedwa wokhala kunja kwa msasa, pamene m'madera ena a mu Africa odwalawa sankasalidwa motero. M'midziyo odwala ankalima, kukwatirana, kubatizidwa ndi kusankha atsogoleri awo, mpaka ena atachira sankafuna kubwerera kwawo.

Kodi boma la atsamunda linaletsa asing'anga?

Silinaletse kuchiza ndi mizu, masamba ndi makungwa, koma lamulo lokhudza ufiti la 1911 linaletsa kumwetsa mwavi, kutchula munthu kuti ndi mfiti, ndiponso kudzitcha wodziwa kugwira mfiti. Vuto linali lakuti pa chikhalidwe chathu ntchito ya sing'anga sinkagawika motero. Wodwala akafika, ankafuna mankhwala, koma ankafunanso kudziwa chifukwa chimene nthendayo yagwera iyeyo osati mnzake, kaya ndi mdulo, tsempho, mizimu ya makolo yokwiya, kapena dzanja la munthu. Sing'anga woombeza ula ankayankha funso limeneli, ndipo lamulo litabwera, mbali imeneyi ya ntchito yake inalowa m'chibisibisi.

Anthu ambiri anaona ngati boma latenga mbali ya mfiti, popeza linkalanga wodandaula n'kusiya womuganizira. Akatswiri a mbiri amaona kuti ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene gulu lothana ndi ufiti la mchape linafalikira mofulumira m'zaka za m'ma 1930, kuchokera kudera la Mulanje mpaka ku Northern Rhodesia (Zambia ya lero) ndi ku Tanganyika (m'dziko la Tanzania lero), pamene anyamata ankayenda m'midzi ndi magalasi oonera ndi mabotolo a mankhwala ofiirira, kumwetsa mudzi wonse ndi kutolera nyanga. Taonani kuti zida zawo, botolo ndi mzere wa anthu odikira kumwa mankhwala, zinali zofanana ndi za kuchipatala. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 mchimi Chikanga wa ku Rumphi anakoka anthu ochokera m'mayiko oyandikana nafe, ndipo mu 1995 makamu a anthu anakhamukira kwa a Billy Chisupe ku Machinga kukamwa mankhwala omwe ankati ndi ochiza Edzi. Mbiri imeneyi ikuonetsa kuti mankhwala achikuda sanaime malo amodzi kudikira kufa, koma ankasintha pamodzi ndi mavuto a anthu.

Kodi azungu anatengapo nzeru iliyonse kwa anthu akuno pa zamankhwala?

Anatengapo, ndipo nkhani yodziwika bwino ndi ya chomera chotchedwa kombe, yomwe inafukulidwa mwatsatanetsatane ndi katswiri wina, Dr Markku Hokkanen wa ku Finland. Anthu a m'chigwa cha Shire ankapaka ululu wa njere za kombe kumivi yawo posaka nyama. Dr John Kirk, yemwe anali pa ulendo wa David Livingstone wa mumtsinje wa Zambezi ndi Shire, anasunga njerezo m'thumba limodzi ndi mswachi wake, ndipo atatsuka mano anamva kuwawa m'kamwa, kenako anazindikira kuti mtima wake wayamba kugunda pang'onopang'ono. Njerezo zinatumizidwa ku Britain, komwe Thomas Fraser wa ku Edinburgh anazifufuza n'kupezamo mankhwala a mtima, ndipo m'zaka za m'ma 1880 kampani ya Burroughs Wellcome inayamba kuwagulitsa. Njere zinkatoleredwa kuno n'kutumizidwa kunja, koma m'mabuku a sayansi munalembedwa mayina a Kirk ndi Fraser, pamene alenje omwe ankadziwa mtengowo, nyengo yothyola njere ndi kakonzedwe kake sanatchulidwe. Chuma cha mwini kampaniyo, Henry Wellcome, ndicho chinadzabala bungwe la Wellcome Trust, lomwe lathandiza ndi ndalama kafukufuku wambiri wa mbiri ya zachipatala, kuphatikizapo wina wa a Vaughan.

Umboni wa zinthu zakale chonchi amaupeza kuti?

Gwero loyamba ndi nyumba yosungira zolembedwa zakale za boma ku Zomba, komwe kuli malipoti a pachaka a nthambi ya zaumoyo, makalata a mabwanamkubwa ndi ma DC, ndi zolemba za makhoti. Zambiri za zaka zoyambirira zinapsa pa moto umene unawononga maofesi a boma ku Zomba mu 1919, choncho wofufuza amadaliranso zosungidwa ku London, ku Edinburgh ndi m'mamishoni. Zolembazi zinalembedwa ndi olamulira pofuna kukwaniritsa zofuna zawo, ndipo luso la a Vaughan lagona pa kuziwerenga mosamala mpaka mawu a wolamulidwa atamveka. Chitsanzo ndi kafukufuku wawo wa 2010 wokhudza anthu odzipha okha ku Nyasaland, yemwe anamuchita powerenga zolemba za milandu yofufuza imfa. Madokotala a atsamunda ankati munthu wakuda sadwala nthenda ya kukhumudwa ndipo sadzipha kawirikawiri, koma m'mafailomo muli abale akufotokoza za mikangano ya m'banja, manyazi ndi matenda osachiritsika zimene zinamufikitsa munthu pamenepo.

Gwero lachiwiri ndi pakamwa pa anthu. Pofufuza njala ya 1949 m'boma la Blantyre, a Vaughan anacheza ndi omwe anaiona, ndipo anamvetsera nyimbo zimene amayi ankaimba posinja pamtondo. Malipoti a boma ankati njalayo inadza chifukwa cha chilala, kuchulukana kwa anthu ndi kulima kosasamala nthaka. Amayi ankakumbukira zina: amuna a chikamwini omwe anapita kukafuna chakudya kwawo osabwereranso, kuletsedwa kwa kufulula mowa komwe kunali njira yawo yopezera ndalama, ndiponso kagawidwe ka chakudya ka boma komwe kankakondera ogwira ntchito yolipidwa, n'kumaganiza kuti mkazi aliyense ali ndi mwamuna womudyetsa. Pa mfundo iyi ndikuona kuti buku la njalali ndi lozama kuposa la zachipatala lija, chifukwa mmenemo anthu akudzilankhulira okha.

Kodi ntchito yawo ili ndi zofooka?

Ili nazo, ndipo chachikulu ndi chimene changotchulidwachi. Buku la 1991 likufotokoza zimene madokotala ndi amishoni ankanena za anthu akuda, koma silifotokoza mokwanira zimene odwala, asing'anga ndi azamba ankaganiza ndi kuchita. Wowerenga wofuna kudziwa mmene sing'anga ankaphunzirira ntchito, mmene ankatemera mphini kapena kufukiza wodwala, ndi mmene ankalipidwira, ayenera kupita kwa ena. A Brian Morris analemba mu 1996 za zitsamba zimene Achewa amachizira matenda. Dr John Lwanda, Mmalawi yemwe ndi dokotala komanso wolemba mbiri, anafufuza mmene ndale, chikhalidwe ndi zachipatala zalukirana m'dziko muno, makamaka pa nkhani ya Edzi. Dr Walima Kalusa wa ku Zambia anaonetsa mmene othandizira madokotala akuda pa mishoni ya Kalene Hill ankamasulira chiphunzitso cha chipatala m'njira yogwirizana ndi maganizo a Alunda, mwina mosadziwa kwa amishoniwo, ndipo iwo ndi a Vaughan anatulutsira limodzi buku lonena za imfa ndi maliro mu 2013.

Ngakhale zili choncho, mbiri ya asing'anga ndi azamba yolembedwa kuchokera pakamwa pawo, m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao kapena m'Chilomwe, ikadali yochepa kwambiri, ndipo okalamba omwe anaona nthawi ya atsamunda akutha. Ntchito imeneyi ndi yoyenera ophunzira a m'mayunivesite athu, omwe sasowa womasulira akakhala pakhonde ndi agogo.

Nanga anthu akuda ogwira ntchito zachipatala ali pati m'mbiri imeneyi?

Ndiwo ankagwira ntchito yaikulu m'zipatala zonse, ngakhale mayina awo sapezeka kawirikawiri m'malipoti. Ku mishoni ya Blantyre, Dr Neil Macvicar anayamba kuphunzitsa othandizira madokotala kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, ndipo mmodzi mwa ophunzira ake odziwika anali John Gray Kufa, yemwe anaphedwa ndi boma mu 1915 chifukwa chokhudzidwa ndi kuukira kwa John Chilembwe. Dr Daniel Malekebu anamaliza maphunziro a udokotala ku Meharry, ku America, mu 1917, ndipo anabwerera kudzatsegulanso mishoni ya Providence Industrial Mission (PIM) ku Chiradzulu mu 1926. Dr Hastings Kamuzu Banda anamaliza pa sukulu yomweyo mu 1937, nawonjezera maphunziro ku Edinburgh, koma tsankho la nthawiyo linatsekereza njira yoti adzagwire ntchito kwawo mofanana ndi madokotala achizungu, ndipo anakhala akuchiza anthu ku Britain ndi ku Ghana mpaka 1958. Dziko lino linadzakhala ndi sukulu yakeyake yophunzitsa madokotala mu 1991, patapita zaka 27 chilandirireni ufulu.

Kodi m'zaka zaposachedwapa a Vaughan akhala akufufuza chiyani?

Ku University College London anatsogolera kafukufuku wa mbiri ya matenda okhalitsa monga shuga, kuthamanga kwa magazi, sitiroko ndi khansa m'mayiko a mu Africa, ndipo mu 2021 iwo ndi anzawo awiri anasonkhanitsa zotsatira zake m'buku. Funso lawo ndi lolunjika pa chiphunzitso chofala chakuti matendawa ndi achilendo kuno, obwera ndi chitukuko ndi moyo wa m'tauni. Iwo akukumbutsa kuti madokotala a atsamunda sankawafufuza matendawa mwa anthu akuda, popeza anali ataganiza kale kuti ndi matenda a azungu, choncho kusapezeka kwake m'malipoti akale si umboni wakuti kunalibe. Akuonetsanso kuti matendawa sangalekanitsidwe ndi kunyentchera kwa paubwana, matenda opatsirana monga Edzi ndi chifuwa chachikulu, ndiponso kusintha kwa zakudya komwe kunachitika pamene chimanga, shuga ndi mafuta ophikira zinalowa m'malo mwa mapira, mawere ndi ndiwo zakutchire. Kwa namwino wa pachipatala chaching'ono cha kumudzi, yemwe akupeza kuthamanga kwa magazi mwa mayi woonda yemwe sanakhaleko m'tauni, mfundo imeneyi ikutanthauza kuti uphungu wongouza wodwala kuti achepetse kudya zonona sukukhudza gwero la nthenda yake.